Chikwangwani cha pa Manda a Achimwene

Makina amene ndinkagwirapo ntchito ku Pretoria sankafuna nzeru zambiri. Ankafuna dzanja lofatsa. Anthu ondidziwa akamva zimenezi amaseka, chifukwa ine ndi kufatsa sitinamwerepo chikho chimodzi. Koma zoona zake n'zomwezo. Ndikakhala pa makina aja ndinkasanduka munthu wina.

Ndiyambe ndafotokoza mmene ankagwirira ntchito, chifukwa ambiri akaona chikwangwani cha pa chitseko cha dokotala amayesa kuti wina anachita kulemba pamanja. Ayi. Panali tebulo lachitsulo la mbali ziwiri. Mbali imodzi inali ndi kanjanji kolowetsamo zilembo zamkuwa, chilembo chilichonse pa kachidutswa kake, chokumbidwa kale ngati kangalande. Ukazindandalika n'kupanga mawu, unkazimanga kuti zisasunthe. Mbali inayo unkapanapo pulasitiki wolimba, wakuda pamwamba, woyera mkati. Pakati panali mikono yachitsulo yolumikizana. Kunsonga ya mkono umodzi kunali kamsomali kobuntha, kunsonga ya winawo kampeni kozungulira ndi magetsi. Ntchito yako inali kugwira kamsomali kaja n'kumakayendetsa m'ngalande ya chilembo. Komwe kamsomali kalowera, kampeni nako kankalowera komweko, kakudya chakuda n'kusiya choyera. Ukafuna zilembo zing'onozing'ono unkasuntha mikono ija, makina n'kuchepetsa okha. Maso ankakhala pa kamsomali, osati pa kampeni. Ukangotsomphola dzanja, kamsomali kankadumpha m'ngalande, kampeni n'kung'amba mzere posafunika. Ndipo chodulidwa sichibwerera. Pulasitiki alibe labala.

Ndinadula zambiri pamenepo: maina a madokotala ndi maloya, manambala a zitseko za m'mafulati, machenjezo a magetsi, ndi zina zija zouza munthu wakuda khomo loti asalowerepo. Mwini shopu anali Mbunu wosalankhulalankhula. Loweruka masana tikaweruka ankatilola kutola zidutswa zotsala n'kudula zathu, bola tisathyole kampeni ndipo tisese tikamaliza.

Ku Joni ndinafika m'zaka za m'ma 1970, nditasiya sukulu ya sekondale chifukwa chokangana ndi mphunzitsi. Imeneyo ndi nkhani ina. Amene anandilandira anali mkulu wina wa kwathu ku Dedza, wa mudzi woyandikana ndi wathu. Chibale cha magazi panalibe, koma mfunda wathu unali umodzi, choncho kuyambira tsiku loyamba ndinkawaitana kuti Achimwene. Iwo ankasamalira maluwa kunyumba kwa mwini shopu uja, ndipo ndiwo anandipemphera ntchito. Anandipatsanso kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba yawo ku Mamelodi, lokeshoni ya anthu akuda.

Achimwene anafika ku Joni ine ndikukwawa. Masiku amenewo munthu wochokera kunja sankapatsidwa nyumba mu lokeshoni, ndipo akagwidwa wopanda chilolezo ankakwezedwa galimoto kubwerera kwawo. Iwo anachita zomwe anachita ambiri. Anapeza pasi, chiphaso chomwe munthu wakuda aliyense ankayenda nacho, ya dzina la Chipedi, chilankhulo cha eni dera, yonena kuti anabadwira komweko. Ndi dzina limenelo anakwatira mkazi wa Chipedi, anapereka malowolo, anabereka ana, anapatsidwa nyumba. Pamsewu anali Mpedi, woseka ndi kukalipa m'Chipedi. Koma Lamlungu tikachoka ku tchalitchi, a kwathu ankabwera kudzakhala kuseri kwa nyumba, pakhomo pa chipinda changa. Kumeneko Achimwene ankavula Chipedi ngati jekete, Chichewa n'kuyamba kutuluka, chakalekale, cha mawu ena omwe kumudzi anthu anasiya. Liwu lokha ndi limene ankatsitsa. Ine ndikakweza langa, ankandigwira bondo.

"Mphwanga, mpanda uwu ndi wa waya. Mawu amadutsa."

Ine ndinalibe chobisa. Ndinafika zinthu zitafewerako, ndinali ndi pasipoti ya kwathu yokhala ndi chidindo cha ntchito, ndi chilolezo chogona m'chipinda cha kuseri. Dzina langa linali langa, ndipo ndinkayenda nalo modzitama ngati ndinalipeza ndi thukuta. Munthu wopanda chotaya amalimba mtima msanga.

Akazi awo a Achimwene ndinkawaitana kuti Alamu. Anali mayi wamfupi, wosachedwa kuseka, wochapa ndi kusita zovala za azungu. Chichewa ankachimva koma sankachilankhula. Ife tinkalankhula chathu, iwo n'kumayankha m'Chipedi, n'kumamvana choncho. Anandidyetsa zaka zonsezo. Chaka china nditagwidwa ndi chibayo, ndiwo ankanditembenuza pabedi.

Achimwene anamwalira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nyengo yozizira, atangodwala pang'ono. Maliro anayenda mwa Chipedi. Alamu anakhala pa matiresi m'chipinda atafunda zakuda, abale awo ndiwo ankayendetsa zonse, abusa ankatchula dzina la pa pasi, nyimbo zinali zawo. Ife a kwathu tinaima kumbuyo ngati anthu ongodutsa m'njira. Kumanda, pamutu pa mtumbira anazikapo kachitsulo ka nambala, basi. Mwala unali wodzaika chaka china. Ndinabwerako mtima ukuwira.

Apa ndinene za nyumba, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Nyumba za mu lokeshoni sizinali za anthu, zinali za ofesi ya boma yoyang'anira lokeshoni. Mwamuna akamwalira, mkazi wamasiye sankangoisunga ayi. Inkayenera kulembedwa m'dzina la mwana wamwamuna wamkulu, ngati mapepala ake ndi a bambo ake ali bwino. Zikavuta, banja lonse linkatulutsidwa n'kuuzidwa kuti lipite kumidzi komwe ana aja sanapondeko n'kamodzi komwe. Mwana woyamba wa Achimwene, mwamuna wa ndevu zake wogwira ntchito pa fakitale ku Silverton, anali atayamba kale kuyendera ofesi. Yankho linali lisanatuluke. Ofesiyo ikanadziwa kuti bambo ake anali Mmalawi wa pasi yabodza, nyumba ikanapita. Ndipo manda anali m'manja mwa ofesi yomweyo. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinkangoziona ngati nkhani ziwiri zosakhudzana: nyumba ndi ya iwo, manda ndi athu.

Lamlungu lotsatira a kwathu sitinathe kukumana pa nyumba ya maliro, choncho tinapita kwa mkulu wa mpingo wathu, bambo wa ku Ntcheu amene ankakolopa masitepe a mafulati ku Sunnyside n'kumagona m'kachipinda ka padenga. Tonse tinkawaitana kuti Abambo. Tinapanikizana m'menemo, ena pabedi, ena pa zidebe.

"Tawakwirira ngati galu wa eni ake," ndinatero ine. "Munthu ali ndi dzina, ali ndi mfunda, ali ndi mudzi. Mawa mwana wa mlongo wawo akadzabwera kudzafuna manda a malume ake, adzafunsa chiyani? Nambala?"

Ena anavomera. Wina anati nayenso zimamusowetsa mtendere, kufa tchona, dzina n'kuwolera m'thumba.

"Ndidula chikwangwani," ndinapitiriza. "Dzina lawo lenileni, mfunda, mudzi, mfumu yaikulu, boma. Loweruka lomweli."

Abambo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. "Maganizo ndi abwino. Koma wayamba wawafunsa mayi a kunyumba?"

"Ndiwafunse chiyani? Kuyambira liti mkazi kukhala mwini maliro a mwamuna? Kwathu mwamuna akafa amalamula ndi abale ake. Mkazi amalira, amameta, amasudzulidwa, n'kukaona zina. Nanga abale awo a Achimwene kuno ndani? Si ife?"

"Kwathu," anatero Abambo. "Watchula wekha. Kuno anapereka malowolo. Mayi aja si mlendo pa maliro amenewa, ndi eni ake."

"Malowolo anatengera mkazi, sanagulitsire dzina."

"Iwe mwana iwe, Safunsa anadya phula."

"Phulalo ndidya ndine, Abambo. Inu musavutike."

Anzanga anaseka, ine n'kumva ngati ndagwetsa njovu.

Loweruka lija ndinasankha chidutswa chabwino kuposa zonse, chotsala ku ntchito ya banki, chonyezimira, chopanda kokalika. Ndinanola kampeni. Dzina la Achimwene ndinalindandalika m'kanjanji ndi zilembo zikuluzikulu, n'kulimasula, n'kulindandalikanso, chifukwa zilembo zina zikayandikana zimaoneka zotalikirana ndipo uyenera kuzikankha pang'ono ndi diso. Dzina la mudzi linali lalitali, ndinasuntha mikono kuti lichepe likwane mzere umodzi. Pansi penipeni ndinaika dzina la dziko lathu, ndipo limenelo sindinalichepetse. Kampeni kankalira, tizidutswa takuda tikuuluka, dzina la Achimwene likutuluka loyera mbee. Ndinali ndisanalionepo litalembedwa paliponse. Ndinalira pa makina paja, mamina ndithu, ndili ndekha m'shopu. Sindinadulepo china chokongola ngati chimenecho, kale kapena pambuyo pake.

M'mawa mwake ndinachimangirira pa thabwa ndi masikuluu, n'kukachizika pafupi ndi kachitsulo ka nambala kaja. Ndinapemphera, n'kubwerera kunyumba. Madzulo ndinadya chakudya cha Alamu osanena kanthu.

Chinakhala pamanda mpaka Lachisanu. Tsiku limenelo ndinangotsika sitima n'kufika m'chipinda, dzuwa likadalipo, nsapato imodzi nditavula, mwana wa Achimwene uja n'kulowa osagogoda. Anatseka chitseko, n'kutulutsa chikwangwani changa m'jekete. Chichewa chake chinali chothyokathyoka, chosakaniza ndi Chipedi, ndipo ankandiitana kuti Malome monga amachitira kumeneko.

"Malome, eish. Ichi n'chiyani?"

"Wazula? Wazula dzina la bambo ako pamanda?"

"Tsitsani mawu, Malome. Woyang'anira manda wandiimitsa, akuti pa nambala iyi pagona anthu angati? Ndamuuza kuti wina wasokoneza manda. Mukudziwa kuti za nyumba sizinathe."

"Nyumba! Ukugulitsa bambo ako chifukwa cha zipinda zinayi za njerwa?"

"M'zipinda zimenezo mukugona amayi anga. Inunso kuseri kwake."

Mawu omalizawo ndi amene anandiyatsa. Ndinakankha chitseko n'kutuluka panja, phazi limodzi lili ndi nsapato, linalo sokosi yokha. Ndikakwiya chipinda chimandichepera. Ndipo pofuna kuti mwana uja amve bwinobwino, asadzati Chichewa chinamudutsa, ndinakalipa m'Chipedi. Ndinatchula dzina lenileni la bambo ake. Ndinatchula mudzi, ndinatchula Dedza. Ndinati bambo ako anali Mnyasa, anabadwa Mnyasa, wafa Mnyasa, pasi ija inali chinsalu chofunda basi. Ndinatinso kwathu amanena zoona kuti ana ndi a mkazi, chifukwa mwa iwe mulibe dontho la magazi a bambo ako.

Mwana uja sankayang'ananso ine, ankayang'ana kumbuyo kwanga. Nditatembenuka ndinaona amayi a nyumba zoyandikana ataima pa waya, zovala zomwe ankaanula zili m'manja. Mmodzi mwa iwo anali mkazi wa bulakijeki. Mabulakijeki anali apolisi a ofesi ya lokeshoni, a yunifolomu yakuda, ogogoda m'makomo kufuna zilolezo, ndipo ameneyu ankakhala mumsewu mwathu momwemo. Mkazi wake anali ataluma mapegi awiri pakamwa, waiwala kuwachotsa.

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Alamu anaima pamenepo ndi zakuda zawo.

"Alamu, lowani."

Anali iwo akuitana ine, ndipo ananena m'Chichewa. Zaka zonse zija ndinali ndisanawamvepo. Ndinalowa ngati mwana woitanidwa ndi ahedi. Anatseka chitseko, anandilozera mpando, iwo n'kukhala chiimire. Chichewa chawo chinali cha Achimwene chenicheni, chakale chija, mpaka kakokedwe ka mawu.

"Mukuyesa kuti kwawo sindikudziwa?" anatero motsitsa. Anatchula mudzi uja bwinobwino, anatchula mtsinje womwe amuna awo ankasambako ali mwana, anatchula dzina la apongozi awo omwe sanawaonepo. "Dzina limenelo ndalisunga m'kamwa muno kuyambira ndili mtsikana, osalilavula. Ana anga ndawalera nalo lili m'kamwa. Inu mwalisunga Loweruka limodzi, mwakalipachika pa thabwa."

"Alamu, ine ndimafuna kuti munthu agone ndi dzina lake."

"Iwowo nyumba yawo apeza. M'mene alowamo palibe adzawatulutse. Nanga ife?"

Ndinkangoyang'ana sokosi yanga, inali yobooka pa chala chachikulu.

Anamvetsera phokoso la panja. Kenaka anati, "Mayi uja pofika mdima akhala atamuuza mwamuna wake. Mawa mukaweruka ndikuthamangitsani pano. Pamaso pa msewu wonse. Ndidzanena kuti ndinu chidakwa, kuti m'bale wanu wina anafera kumigodi ndipo mukaledzera mumasokoneza akufa. Ndidzakutukwanani. Inu musadzayankhe."

"Ine sindimwa, Alamu. Msewu wonse ukudziwa."

"Ndiye mawa mukamwe."

Sanaseke. Inenso sindinaseke.

Loweruka ndinagwira ntchito ngati munthu wodwala. Nditatsika sitima ku Mamelodi sindinalowere kunyumba, ndinalowera ku shebini ina ya kutali ndi msewu wathu. Ine woimba kwaya, ine amene ndinkanyoza anzanga kuti malipiro awo amathera m'chikhodzodzo. Ndinagula kabotolo ka burande. Theka ndinamwa, kundiotcha mpaka m'makutu, theka ndinathira pa malaya. Mayi wogulitsa anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Poyenda sindinachite kunamizira kudzandira. Mimba yopanda kanthu ndi mowa wosauzolowera zinandithandiza.

Ndinapeza katundu wanga ali kale pa geti. Bulangeti, pulayimasi, sutikesi yotseguka, mabuku anga a kusukulu omwe ndinkayenda nawo kulikonse ali mbwee m'fumbi. Anthu anali atayamba kusonkhana. Alamu atangondiona anatuluka, n'kuyamba.

Muyenera kumvetsa kuti kwa anthu aja mkazi wovala zakuda sakweza mawu. Amayenda chozolika, amalankhula chonong'ona, mpaka chaka chithe. Alamu anaswa zonsezo tsiku lija, abale awo akuona, ndipo anaziswa chifukwa cha pakamwa panga. Anakuwa m'Chipedi kuti msewu wonse umve. Anati Mnyasa uyu amuna anga anamutola ngati mwana wa mphaka chifukwa cha chisoni chawo, lero akuwalipira powanamizira ali m'manda. Anati akaledzera aliyense amasanduka m'bale wake, mawa adzanena kuti abusa nawonso ndi a ku Nyasalande. Anthu anaseka. Anati tamununkhizani, ndipo mayi wina anandiyandikira ndithu, n'kubwerera atatseka mphuno.

Zimenezo ndinkaziyembekezera. Zomwe sindinayembekezere ndi zomwe zinabwera pambuyo pake. Anati munthu uyu wadya m'mbale zanga zaka zonsezi, sananenepo zikomo osawonjezera kuti mchere wachepa. Anati ankawakalipira amuna anga pabwalo pawo pomwe, munthu wamkulu woti n'kumubereka, iwo n'kumangoseka kuti ndi mwana adzakula. Anati nditamudwazika chibayo anadzuka n'kufunsa amene wasuntha mabuku ake. Izi sizinali m'pangano lathu la kukhitchini. Zinali zoona zokhazokha, ndipo liwu lawo ponena zimenezi linasintha. Ndinazindikira kuti mayi aja akhala akundipirira nthawi yaitali, ine ndikuyesa kuti ndine mlamu wokondedwa.

Bulakijeki uja anafika ali ndi yunifolomu yake, ngakhale sindikhulupirira kuti anali pa ntchito. Anthu anamupatsa njira. Anaponda buku langa limodzi, osati mwangozi.

"Mnyasa, dzulo umati chiyani?"

Mkwiyo uja ndimaudziwa bwino unayamba kukwera. Munthuyo anali wamfupi kwa ine, wamimba. Chibakera chimodzi chikanakwana. Mwana wa Achimwene anali ataima pakhonde, maso ali pa manja anga. Ndinayang'ana pansi n'kutsata ngalande yomwe Alamu anandikumbira.

"Sindikukumbuka, bwana. Ndinaledzera."

"Sindikumva."

"Ndinaledzera, bwana."

"Dzulo liwu linalipo lofika ku siteshoni. Lero lapita kuti? Auze anthuwa."

Ndinatembenukira ku gulu lija n'kukuwa kuti ndinaledzera, ndine chidakwa, ndinasokoneza manda a eni ndi a m'bale wanga. Ana anayamba kundiyeserera, akudzandira, akubwereza Chipedi changa chopindika. Bulakijeki anafuna pasipoti, anaitembenuza uku ndi uku, n'kuiponya pansi kuti nditole. Ndinatola. Anati dzuwa likamalowa asandionenso mumsewu uno. Ndinamanga katundu m'bulangeti, n'kusenza pamutu ngati mkazi wochokera kuchigayo. Mabuku ena ndinawasiya pomwepo. Alamu anali atalowa kale m'nyumba. Sitinatsanzikane.

Ngati bulakijeki uja anakhulupirira, sindikudziwa. Nthawi zina ndimaganiza kuti iye ndi msewu wonse ankadziwa za Achimwene kuyambira kalekale, chifukwa munthu sungabise lilime zaka zonsezo. Mwina chomwe ankafuna ndi chifukwa choti apitirize kusadziwa, ndipo Alamu anawapatsa chifukwacho.

Ndinakwera tekisi kupita ku Sunnyside, anthu akukhala motalikirana nane chifukwa cha fungo. Abambo ananditsegulira, anayang'ana mtolo, anayang'ana malaya. Ndinawafotokozera zonse nditaima pakhomo. Ndinkadikira kuti anene kuti ndinakuuza. Sananene. Anandipatsa beseni ndi sopo.

"Ukayenda siya phazi, mwana wanga. Samba, ukununkha."

Ndinagona pansi m'kachipinda kawo mpaka nditapeza bedi ku hositelo ya amuna. Nkhani inafika ku mpingo monga inamvekera mumsewu: woimba kwaya waledzera, watukwana pa nyumba ya maliro, wathamangitsidwa ndi mkazi wamasiye. Akulu ampingo anandiimitsa mgonero. Abambo anali pa bwalo lomwelo, akudziwa zoona zake, ndipo anakweza dzanja limodzi ndi anzawo. Sakanachitira mwina. Mpingo uli ndi makutu ambiri, ndipo bodza lija linkayenera kukhala lamoyo mpaka ofesi iyankhe. Anzanga omwe anaseka nane padenga paja ena anayamba kundilambalala, ena kundiitanira ku shebini poti tsopano ndine mnzawo. Lamlungu lililonse ndinkakhala pa benchi ya kumbuyo, mbale ya mgonero n'kundidutsa. Ndikamva kuti banja lina latulutsidwa m'nyumba ku Mamelodi, ndinkafunsa msewu wake mtima uli m'mwamba, ndipo ofunsidwawo ankadabwa kuti chidakwa chikufuniranji zimenezo.

Zinatenga nthawi. Kuzizira kunatha, mitengo ya jakaranda inachita maluwa n'kuyoyoka. Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro mnzanga wa pa shopu anandiuza kuti pa geti pali wondifuna. Anali mwana wa Achimwene, atavala ovolosi ya ku fakitale. Ndinayenda kupita kwa iye ndikuwerenga nkhope yake, koma nkhope ya mwana ameneyo inali ngati ya mayi ake, yosawerengeka.

"Malome."

"Zili bwanji?"

"Nyumba yatuluka. Alemba dzina langa."

Ndinagwira chitsulo cha geti. Ndinkafuna kunena zambiri, koma ndinadziletsa, chifukwa pakamwa panga panali patanena zokwanira chaka chimenecho. Tinaima pamenepo, magalimoto akudutsa.

"Chikwangwani chija munachitani nacho?" ndinafunsa potsiriza.

"Eish, Malome. Musayambenso."

"Chabwino."

"Amayi andituma. Nambala ya pa chitseko inafufutika, utoto unatha. Akuti mutidulire ina pa makina anuwo. Nambala yokha."

Ndinamuuza kuti adikire. Mwini shopu anali akudya m'galimoto mwake, ndinamupempha, anangokweza dzanja. Ndinalowetsa manambala m'kanjanji, ndinapana chidutswa, ndinadula, ndinaboola mabowo a masikuluu, n'kusalaza m'mbali kuti zisacheke munthu. Ndinachikulunga m'nyuzipepala n'kupita nacho pa geti. Anachitsegula, anayendetsa chala m'manambala, n'kugwedeza mutu.

"Nanga za ine amayi akuti chiyani?" ndinafunsa. "Chipinda chija?"

"Muli munthu wina. Wa ku Giyani, wolondera. Salankhula."

"Sananene china chilichonse?"

Anaganiza kaye, ngati akufuna kuti asandinamize ngakhale pang'ono.

"Anati ndikuuzeni kuti manambalawo akhale aakulu, owoneka ali pamsewu."

Ndinalanda chikwangwani chija m'manja mwake, n'kuchiyang'ananso. Manambala anali aang'ono. Ndinabwerera m'shopu kukasuntha mikono ya makina.